Achinyamata a mafizo asamasiyidwe okha

Akonzi,

Achinyamata omwe angomaliza maphunziro a mafizo asamasiyidwe okha m'zipatala popanda wamkulu wowaongolera. Kuno ku South Africa amaphunzira zaka 4, kenako lamulo limawatumiza kukagwira ntchito chaka chathunthu m'chipatala cha boma.

Bambo anga atadwala sitiroko, mtsikana yemwe ankawaphunzitsanso kuyenda anali wachifundo zedi, koma ankaopa kuwaimiritsa poti analibe womufunsa. Womuthandizira wake nayenso ankangodikira kuuzidwa zochita. Masabata oyambirira, omwe ndi ofunika kwambiri kwa wodwala sitiroko, anangodutsa bambo ali chigonere. Zimandiwawabe mpaka lero.

Ndikupempha mabungwe a HPCSA (loyang'anira ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno) ndi South African Society of Physiotherapy (la akatswiri a mafizo) aonetsetse kuti wongoyamba aliyense, pamodzi ndi othandizira, ali ndi mlangizi wokambirana naye sabata iliyonse, ngakhale pafoni.

Wowerenga,
Rosettenville, Johannesburg