Kudzidalira kwa Thoreau sikunali kuthawa anthu

A Mkonzi,

Mundilole ndilankhulepo pa maganizo amene ndimawamva kawirikawiri anthu akamatchula gulu la oganiza mozama la ku America lotchedwa Transcendentalism, limene linaphuka ku Boston ndi ku Concord, m'chigawo cha Massachusetts, m'zaka za m'ma 1830. Ambiri amati gululi linkaphunzitsa kuti munthu azikhala yekha kutchire osafuna mnzake, ndipo ena amalitenga ngati chodzikhululukira pa umbombo wawo.

N'zoona kuti Ralph Waldo Emerson, mmodzi wa atsogoleri a gululi, amene anatula pansi ubusa wake mumpingo wa Unitarian mu 1832, ankati munthu angathe kuzindikira choonadi pomvera mtima wake ndiponso poyang'anitsitsa chilengedwe, osadikira kuti wina amuuze. Atalankhula zimenezi kwa ophunzira zaubusa ku yunivesite ya Harvard mu 1838, akuluakulu anakwiya moti panapita zaka pafupifupi 30 asanamuitanenso kukalankhula kumeneko.

Koma tiyeni tionetsetse za Henry David Thoreau, wa m'gulu lomwelo, amene nkhani yake ndiyo imapotozedwa kwambiri. Pa 4 July 1845 iye anasamukira m'kanyumba kamene anadzimangira m'mphepete mwa dziwe la Walden, pafupi ndi Concord, ndipo anakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi iwiri, akulima nyemba, kuyenda m'nkhalango ndi kulemba. Malowo anali a Emerson, nkhwangwa yodulira mitengo anachita kubwereka, anzake anamuthandiza kuimika nsichi za nyumbayo, ndipo sankatha masiku ambiri osapita ku Concord kukaona abale ndi kumva za m'mudzi. Ena amamuseka chifukwa cha zimenezi, koma ine sindikuonapo chinyengo, popeza za nkhwangwayo ndi za maulendo akewo anazilemba yekha osabisa. Chimene ankakana n'kutha moyo wonse munthu akukhetsera thukuta katundu wosafunika, ndiponso kuvomereza choipa chifukwa choti aliyense wachivomereza.

Umboni wake ndi zimene zinachitika mu July 1846. Akupita kukatenga nsapato yake kwa wosoka, anamangidwa chifukwa anali atakhala zaka zingapo osakhoma msonkho, pokana kuthandiza boma limene linkalola ukapolo komanso linali litangoyamba nkhondo ndi dziko la Mexico. Kodi munthu wongoganiza za mimba yake akanagona m'ndende chifukwa cha akapolo amene sanali abale ake? Anagonamo usiku umodzi wokha, pakuti munthu wina anakamulipirira msonkhowo iye asanapemphe, ndipo pomutulutsa m'mawa mwake Thoreau sanakondwere nazo.

Ine wanu,
Wowerenga wokhulupirika