Otsutsa Hitler analipo ambiri, koma ankadyana okhaokha

Akonzi,

Nkhani ya chifasisti ikabuka, ambiri amangoti anthu a ku Germany anamukonda Hitler, basi. Ziwerengero sizikutero. Pachisankho cha Novembala 1932 chipani cha Nazi chinapeza mipando 196 m'nyumba ya malamulo, cha Social Democrats, SPD, 121, ndipo cha makomyunisti, KPD, 100. Zipani ziwiri za anthu apantchitozi pamodzi zinali ndi 221. Sanali opitirira theka la aphungu, inde, koma Hitler naye sanali nawo.

Vuto linali chidani. Kuyambira 1928 bungwe lotsogolera zipani za makomyunisti padziko lonse la Comintern ku Moscow linkauza makomyunisti kuti SPD ndi afasisti obisala. Nawonso a KPD anali ndi bala lawo: mu Meyi 1929 apolisi a ku Berlin, omwe mkulu wawo anali wa SPD, anawombera anthu pazionetsero, oposa 30 n'kufa. Choncho SPD inakhazikitsa gulu lolimbana ndi a Nazi la Iron Front mu 1931, KPD n'kuyambitsa lake la Antifaschistische Aktion mu 1932, aliyense kwake.

Mkangano waukulu unali wa njira: khothi kapena msewu? Mu 1920 sitalaka ya dziko lonse inagwetsa boma la Wolfgang Kapp, lomwe linalanda ulamuliro ndi asilikali, m'masiku ochepa chabe. Koma mu Julaye 1932, mtsogoleri wa boma la Germany, Franz von Papen, atachotsa boma la chigawo cha Prussia lomwe linkatsogoleredwa ndi SPD, chipanicho chinathamangira kukhothi. Ena amati kumeneko kunali kufooka. Ine ndikuti tisaweruze msanga, chifukwa anthu pafupifupi 6 miliyoni anali paulova, ndipo wonyanyala ntchito amadziwa kuti pageti pali wina wodikira malo ake. Komabe khothi silinabweze mphamvu zomwe zinalandidwazo.

Pa 23 Malichi 1933 lamulo lopatsa Hitler mphamvu zopanga malamulo yekha linadutsa ndi mavoti 444 kwa 94. Okana onse anali a SPD. Aphungu 81 a KPD, omwe anasankhidwa pachisankho china cha mwezi womwewo, anali m'ndende kapena atathawa. Comintern inasintha maganizo mu 1935, madzi atafika kale m'khosi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, West Germany inapatsa khothi lalikulu mphamvu zoletsa chipani chofuna kugwetsa demokalase. Mu 1952 linaletsa SRP, chipani cha otsalira a Nazi. Mu 1956 lamulo lomwelo linagwera KPD, anthu omwe Hitler anayamba kutsekera. Amene amafuna kuti zipani zoopsa ziziletsedwa ayambe ayankha kuti wosankha choopsacho adzakhala ndani.

Wowerenga wanu