Botolo la gasi losinthanitsa limathera pa boda

Akonzi,

Ndimawerenga nyuzipepala yanu ndili kuno ku Lusaka, ndipo ndakhala ndikutsatira zimene mumalemba polimbikitsa anthu kusiya makala n'kuyamba kuphikira gasi. Ndili nanu limodzi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mabanja ambiri kuno ku Chilenje anakagula masitovu a gasi asakufuna. Koma pali kagulu kena kamene simunakaganizire: ife amene khitchini yathu ili pa matayala ndipo imadumpha malire a mayiko.

Ndine makaniko wopuma pa ntchito. Ndinagula Toyota Coaster yakale imene inatopa ndi kunyamula anthu, n'kuzula mipando, kuikamo bedi, kabati, sitovu ya mafuwa awiri ndi filiji yoyendera gasi. Ana athu anamwazikana. Wina anakwatiwa ku Nkhotakota, wina ali pa ntchito ku Francistown, ndiye ine ndi mayi a kunyumba timawayendera tili m'nyumba yathuyathu, osavutitsa apongozi ndi nkhani ya pogona. Anzanga amandiseka kuti ndi zachizungu. Aziseka. Madalaivala a mathiraki amene amaphika nsima pambali pa msewu ku Chirundu kapena ku Nakonde akudziwa kuti nkhani imene ndikufuna kunenayi ndi yawonso.

Gasi amagulidwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yosinthanitsa: umalipira dipoziti kamodzi, botolo likatha umalisiya n'kunyamula lina lodzaza. Botololo si lako, ndi la kampani, n'chifukwa chake lili ndi utoto ndi chidindo chawo. Kwa munthu wokhala pamalo amodzi njira imeneyi ndi yabwino kwambiri, chifukwa eni ake ndi amene amaliyeza, kulikonza valavu ndi kulitaya likakalamba. Koma ubwino wonsewo umathera pa boda ya Mwami. Ukangolowa ku Mchinji, wogulitsa amayang'ana utoto, amazunguliza botolo, kenako amapukusa mutu. Sangalandire botolo limene lole yobwera kudzatenga mabotolo opanda kanthu idzalikane. Ngakhale kampani ya dzina lomwelo itakhala kuti ikupezeka m'dzikomo, musadalire zimenezo mukafika pa tauni yaing'ono Loweruka madzulo. Mudzauzidwa kuti mulipire dipoziti yatsopano, ndiponso mwina mugule regulator ina, kachipangizo kaja kochepetsa mphamvu ya gasi popita ku sitovu. Mukadutsa mayiko angapo mwanjira imeneyi, galimoto imadzaza ndi mabotolo opanda ntchito amene simungawabweze kulikonse. Ku South Africa n'koletsedwa ndithu kudzaza botolo la kampani ina popanda chilolezo cha eni ake, ndipo ogulitsa odzilemekeza safuna n'kumva komwe.

Njira yachiwiri ndi imene ndikulimbikitsa aliyense woyenda: gulani botolo lanulanu, lopanda mwini wina, lopangidwa kuti lizidzazidwa mobwerezabwereza. Limeneli mumangolipereka pamalo odzazira, amaliika pa sikelo, mumalipira makilo amene alowa. Ine ndili ndi awiri, lalikulu la makilo 9 ndi kakang'ono ka Cadac kamene kamatipulumutsa lalikulu likatha nsima ili pamoto. Malo odzazira ndawapeza ku Chipata, ku Lilongwe, ku Livingstone ndi ku Francistown. Pakati pa matauni amenewa ndi pomwe pali mtunda. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo amene anayendapo kuchoka pa mlatho wa Kazungula kulowera ku Nata akudziwa kuti m'njiramo njovu ndi zambiri kuposa masitolo. Dzazani mukadali m'tauni, ngakhale botolo lisanathe.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna kukhazikika, chifukwa walira mvula walira matope. Botolo likakhala lanu, udindo umene kampani inkasenza umagwera inu. Gasi amene ali m'botolomo si mpweya ayi, ndi madzimadzi opanikizidwa, ndipo mukaligwedeza mumamva akukhavukira. Lita imodzi ya madzimadziwo ikatuluka imasanduka mpweya wokwana malita pafupifupi 250. Komanso akatenthedwa amafufuma kwambiri kuposa madzi wamba. N'chifukwa chake lamulo lofala ndi loti botolo lidzazidwe kufika magawo 80 pa 100 alionse basi, mpata wotsalawo ukhale wofufumira. Aliyense amene anasiyapo padzuwa chigubu cha thobwa chodzaza mpaka pakamwa akudziwa chimene chimachitika. Ndiye taganizirani botolo lodzazidwa m'mawa kukuzizira ku Lusaka, masana n'kukhala likutsikira ku mlatho wa Luangwa mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumafika madigiri 40, lili m'kabati ya chitsulo. Likakhala lodzaza mopitirira, valavu yotetezera imatseguka yokha n'kulavula gasi, kapena madzimadzi aja amalowa mu regulator n'kukafika ku sitovu, moto n'kulumpha mpaka kudenga.

Njira yodziwira ndi sikelo basi. Pa khosi kapena pa chogwirira cha botolo lililonse labwino amadindapo kulemera kwake likakhala lopanda kanthu. Langa palembedwa 9.8, ndiye likadzaza sikelo iyenera kuima pa 18.8, osapitirira. Makilo 9 olembedwawo anawerengera kale mpata wofufumira uja, choncho wodzaza akamakuuzani kuti "ndakuwonjezerani ya bhasela" musamuthokoze, muuzeni achepetse.

Ndinaona ndi maso anga pa tauni ina ya m'mbali mwa nyanja. Mnyamata anali kuseri kwa shopu ndi botolo lalikulu la makilo 48, atalipendeketsa chadodolido pa matayala akale, paipi itachoka pamenepo kulowa m'kabotolo ka mayi wina kamene anakakulunga ndi chiguduli chonyowa kuti kazizire. Sikelo panalibe. Nditamufunsa kuti adziwa bwanji kuti kadzaza, anati: "Madala, musadandaule, ndimamva ndi dzanja." Chapafupi pomwepo mayi wina ankakazinga mandasi pa mbaula. Ndinanyamula botolo langa lili lopanda kanthu n'kubwerera ku galimoto, ndipo tsiku limenelo tinagula chambo chootcha kale. Mnyamatayo sindikumuda, akusaka ya ndiwo, ndipo anthu a kumeneko alibe kwina kodzazira. Koma kuyambira kale ndimayenda ndi kasikelo kanga kokoloweka, kofanana ndi kamene amayezera fodya ndi mtedza, ndipo ndimayeza botolo pamaso pa wodzazayo ndisanalipire. Ena amakwiya. Ambiri amaseka n'kunena kuti adala awa ndi ovuta.

Vuto lina ndi la pakamwa pa botolo. Kuno kumwera mabotolo ambiri a makilo 9 kupita m'mwamba ali ndi valavu yomangira regulator mochita kupotokola, ndipo imamangidwa mozungulira kumanzere, mosiyana ndi bawuti wamba. Ndawaona anthu akulimbana nayo ndi sipanala mpaka kuiwononga. Ka Cadac kali ndi pakamwa pakepake. Mukawoloka ku Nakonde kulowa ku Tanzania mupeza mabotolo ambiri ndi a regulator yongokanikiza kuti thi, popanda chopotokola. Choncho woyenda azikhala ndi maadaputa amkuwa ogulidwa kwa ogulitsa zida za gasi, pamodzi ndi timphira tosungira. Zolumikiza ndi paipi ya madzi ndi mphira wa chubu cha njinga, zimene ndimaziona m'mathiraki ena, ndi kuitana maliro.

Azungu amene amadutsa muno ndi magalimoto awo ogonamo ali ndi mtundu wina wa botolo. Lawo limamangiriridwa m'galimoto momwemo, lili ndi kachipangizo m'kati kamene kamatseka kokha gasi akafika pa 80 paja, ndipo amadzaza pa pampu ya pa filing'i sitesheni kudzera pa kabowo ka m'mbali mwa galimoto, kulipira pa lita. Malita awiri ndi pafupifupi kilo imodzi. Kwawoko nakonso sanagwirizane: pakamwa pa pampu ya ku Germany ndi posiyana ndi pa ya ku Italy, ya ku Spain ndi inanso, ya ku Britain ndi inanso, moti amayenda ndi kathumba ka maadaputa anayi. Banja lina lochokera ku Germany linafika pa galaja ya mwana wa mlongo wanga ku Makeni litasowa mtengo wogwira, chifukwa mapampu otere kuno sapezekapezeka. Tinamasula botolo lawo, kulinyamula kupita nalo kodzazira pa sikelo, n'kuwapezera cholumikizira choyenera. Kachipangizo kotseka kokha kaja ndinakasirira, ndipo ndikanakonda ogulitsa kuno akanamaitanitsa mabotolo otere.

Zina ndi zodziwika koma ndizitchule mwachidule. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi, ndiye kabati ya botolo ikhale ndi bowo pansi lotulukira kunja, ndipo isalumikizane ndi kumene mumagona. Botolo liziima chilili, lomangidwa ndi lamba. Mukamayenda tsekani valavu. Mukamamwetsa mafuta zimitsani filiji, chifukwa m'kati mwake muli kamoto kamene anthu amakaiwala. Poyesa ngati pakutuluka gasi pakani madzi a sopo muone thovu, osati machesi. Ndipo kuzizira kwa Juni ku Botswana kusakunyengeni kuti muyatse sitovu mazenera ali otseka kuti muothe. Anthu amagona osadzukanso ndi mpweya woipa umene sununkha n'komwe.

Pempho langa, Akonzi, lipite kwa akuluakulu. Kuno gasi amayang'aniridwa ndi Energy Regulation Board, ku Malawi ndi MERA. Likulu la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, lili mumzinda uno, pa Ben Bella Road. Bungwe limeneli linakwanitsa kukonza Yellow Card, inshulansi imodzi imene ndimagula ku Lusaka n'kuyenda nayo ku Malawi ndi ku Zimbabwe popanda wapolisi kundivutitsa. Ngati zinatheka ndi inshulansi, chingalephereke n'chiyani kuti mayiko oyandikana agwirizane pa mtundu umodzi wa valavu, ndi chidindo chimodzi chosonyeza kuti botolo la munthu linayezedwa ndipo lingadzazidwe mbali zonse za malire? Opindula sitingakhale ife a magalimoto ogonamo tokha, ndife ochepa. Ndi madalaivala a mathiraki, amayi a geni odumpha boda, ndi mabanja a ku Chipata ndi ku Mchinji amene msika wawo wapafupi uli tsidya linalo.

Zimenezo zitenga nthawi, ndikudziwa mmene misonkhano ya mabungwe imayendera. Chimene chingachitike chaka chino chomwe n'choti aliyense wopatsidwa chilolezo chodzaza gasi akakamizidwe kuika sikelo yoyezedwa ndi boma poonekera, pamene wogula angawerenge manambala ndi maso ake, komanso kuti Energy Regulation Board ndi MERA asindikize mndandanda wa malo ovomerezeka a m'mbali mwa Great East Road ndi msewu wa Mchinji mpaka ku Salima, n'kuupachika pa boda ya Mwami pamene timadindira mapasipoti.

Makaniko wopuma pa ntchito,
Chilenje, Lusaka