Anachita bwino kusunga mapepala a Gerardo Velázquez

A Mkonzi,

Ndati ndiwayamikeko a ONE Archives, malo osungirako zolemba zakale za anthu a gay pa yunivesite ya Southern California (USC) ku Los Angeles, posunga mapepala a Gerardo Velázquez, mnyamata wachi Latino yemwe anayambitsa nawo bandi ya nyimbo za punk (mtundu wina wa rock) ya Nervous Gender mu 1978, ankajambulanso, ndipo anali gay. Edzi inamutenga mu 1992 akadali wachinyamata, nde taganizani, nthawi imeneyo ambiri otere akamwalira achibale ankangotaya katundu wawo kamba ka manyazi. Ine malume anga oyimba gitala atatisiya makope awo a nyimbo anadyedwa ndi chiswe mukatoni kuseri kwa chitseko, tinangopeza dothi lokhalokha, mpaka pano zimandiwawa. Koma za Gerardo zilipo, ofufuza akutha kukaziwerenga.

Wowerenga wanu,
Zomba