Amalonda opita ku Dar, Kariakoo si mzinda wonse

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amalonda a kuno ku Chipata amene timakwera basi kudzera pa Mwami, Lilongwe, Karonga mpaka kuwoloka Songwe kupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu kapena kukatenga motoka ku doko. Ulendo wonse uja, matako kuuma pa mpando, ndiye munthu ukafika umangodziwa Kariakoo, dera la msika ndi mashopu, ndi chipinda cha gesitihausi basi. Ena amakhala masiku akudikira ma ejenti amalize mapepala a motoka, kungogona ndi kutokosa foni, pomwe nyanja ya mchere ili pafupi pomwepo. Zimandiwawa ndithu.

Malo amene ndikufuna aliyense wa ku Zambia akaone ndi Bagamoyo, makilomita ngati 70 kumpoto kwa Dar, mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo pa minibasi. Tonse tinaphunzira kusukulu kuti David Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo m'dziko lathu lino, mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo konko. Koma ndi angati amadziwa komwe mtembo unathera ulendo wapansi? Susi ndi Chuma, anthu amene ankayenda naye pa maulendo ake, ndi anzawo anaunyamula pamapewa miyezi yambirimbiri mpaka kufika ku Bagamoyo mu February 1874, ndipo unagona pa mishoni ya Akatolika usanaolotsedwe kupita ku Zanzibar. Nsanja ya tchalitchi chakalecho ilipobe, ukaima pamenepo n'kuganiza mtunda umene iwe wadandaula uli pa basi, anthu aja anauyenda wapansi atasenza maliro, thupi limachita tsembwe. Pamishoni pomwepo pali kanyumba kosungiramo zakale komwe muli maunyolo a nthawi ya ukapolo, ndipo chakumwera pang'ono kuli mabwinja a Kaole, mizikiti ndi manda akalekale. Mwana wa sukulu akaona zimenezi sangaiwale.

Amene alibe tsiku lathunthu, dzukani m'mamawa mupite kumsika wa nsomba pa Kivukoni muone asodzi akutsitsa nsomba zina zazikulu kuposa mwana, anthu akupikisana mitengo mokuwa, kenaka mukwere pantoni yowolokera ku Kigamboni, ndalama yake ndi yochepa kwambiri. Madzulo Coco Beach, chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi mchere, madzi a kokonati akudulirani pomwepo ndi chikwanje. Kuli ndi chilumba cha Bongoyo, maboti amanyamukira pa Slipway, kungoti kumeneko mumalipira boti komanso polowera chifukwa ndi malo otetezedwa, choncho funsani mtengo wonse musanakwere.

Apa ndiye ndichenjeze, poti ambiri a ife madzi aakulu timawadziwira ku Senga Bay pa nyanja ya Malawi. Nyanja ya mchere ndi ina. Madzi amaphwa n'kubwereranso kawiri pa tsiku, malo amene unayenda pouma masana ukapezako madzi ofika m'khosi, ndiye osamapita kutali chifukwa choti mchenga ukuoneka. Boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere ngakhale atsitse mtengo bwanji, ndipo funsani nthawi ya boti lomaliza lobwerera. Anyamata odzitcha ma gaidi amene amakuthamangirani pamsewu, gwirizanani mtengo poyamba, ndipo pasipoti musampatse munthu kuti akusungireni.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a magulu a amalonda pa msika wa Kapata ndi ena amene amakonza maulendo a gulu. Mukamasonkhetsa ndalama ya basi ndi malo ogona, onjezerani tsiku limodzi loona malo, gulu likhale ndi gaidi mmodzi wodziwika amene amamva Chingerezi, poti Chiswahili ambiri timangodziwa cha mitengo. Pagulu mtengo umatsika, komanso azimayi amene amaopa kuyenda okha mumzinda wachilendo angapite mtima uli m'malo. Ena adzati tapita kukagwira ntchito osati kukasewera, inde, koma Lamlungu mashopu ambiri a ku Kariakoo sagwira ngati masiku ena ndipo mapepala a ku doko mumakhala mukudikirabe, ndiye tsiku loyenera ndi lomwelo. Atsogoleri athu, kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu ulendo wa Khirisimasi usanafike.

Ine wowerenga wanu,
Wamalonda wa ku Kapata, Chipata