Kalata kwa mwana wanga amene akusamukira ku Decorah

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikukhulupirira kuti uli bwino monga momwe tilili ife kuno. Amayi ako andiuza kuti mtima wako sunakhazikike chifukwa ntchito yapezeka ku Decorah, m'chigawo cha Iowa ku America, pamene iwe unkafuna ku Chicago kumene kuli anzako ambiri. Ndikukupempha kuti usaupeputse mzindawo chifukwa cha kuchepa kwake.

Decorah ili kumpoto chakum'mawa kwa Iowa, pafupi ndi malire a Minnesota, ndipo kalembera wa 2020 anapezamo anthu opitirira pang'ono 7,500. Ngakhale zili choncho, mzindawo ndi likulu la Winneshiek County, limodzi mwa maboma 99 a m'chigawocho, kotero kwa alimi ozungulira uli monga momwe paboma pa Ntchisi palili kwa anthu a m'midzi. Khothi lili pomwepo, ofesi ya msungichuma imene imalembetsa magalimoto ndi kutolera msonkho wa malo ili pomwepo, ndiponso ofesi yosunga zikalata za malo, za kubadwa ndi za ukwati ili pomwepo. Munthu wachilendo amapuma pamene zonsezi zili pamtunda woyenda pansi, ndipo ndikulangiza kuti ukonze mapepala ako ukangofika, ntchito isanakuchulukire.

Pali chinthu chimodzi chimene usachiiwale. Kumeneko akuluakulu oyendetsa boma, ngakhale sheriff amene amatsogolera apolisi, amasankhidwa ndi anthu, ndipo potenga laisensi yoyendetsera galimoto angathe kukufunsa ngati ukufuna kulembetsa m'kaundula wa zisankho. Ukane mwaulemu, pakuti sunakhale nzika ya dzikolo, ndipo kuvota usanakhale nzika ndi mlandu umene ungakuchotsetse m'dzikomo. Usasayine pepala lililonse usanaliwerenge mpaka pamapeto.

Anthu ambiri a mumzindamo makolo awo anachokera ku Norway. Makolo amenewo ndiwo anayambitsa sukulu ya ukachenjede ya Luther College mu 1861, imene inasamukira ku Decorah mu 1862, ndipo zidzukulu zawo zimanyadira nyumba yawo yosungiramo zinthu zakale ya Vesterheim komanso chikondwerero cha Nordic Fest chimene chimachitika kumapeto kwa Julaye. Udzapiteko, udye nawo zakudya zawo, chifukwa m'malo aang'ono anthu amaona amene amafika ndi amene amadzipatula. Udziwenso kuti mayina a Decorah ndi Winneshiek ndi a atsogoleri a mtundu wa Ho-Chunk, wa eni nthaka amene azungu anawapeza, umene unachotsedwa m'deralo mu 1848. Pa nkhani imeneyo uzimvetsera kwambiri kusiyana ndi kulankhula.

Nkhawa yanga yeniyeni ndi nyengo. Mu Januwale usiku kumazizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro, ndipo popeza kulibe sitima ya anthu, galimoto udzaifuna ndithu. Usaumire pa ndalama ya jekete yochindikala ndi matayala abwino, ngakhale zitatanthauza kuti kuno utumiza zochepa m'miyezi yoyamba. Nthawi ya Novembala uziyendetsa mosamala madzulo, chifukwa agwape amadumphira mumsewu mwadzidzidzi. Pofuna nyumba ya lendi ufunse ngati madzi amafikapo, pakuti mtsinje wa Upper Iowa umadutsa mumzindamo ndipo unasefukira kwambiri mu 2008.

Ukapeza nyumba utitumizire adiresi, ndipo utiuze mpingo umene wasankha kuti abusa kuno akulembere kalata yosamukira.

Ndine bambo ako.