Kwa mwana wanga ku Joni, za chakudya cha pa chikwangwani

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, ndipo bambo ako miyendo ija yasiya kutupa. Ndalama unatumiza zija zinafika.

Sindinagone bwino ndi zomwe unanena pa foni, zoti mdzukulu wanga wayamba kukana nsima, akangoona chikwangwani cha baga (buledi wokhala ndi nyama pakati) pamsewu amalira, iwe n'kumugulira poti n'zotchipa. Sindikukudzudzula. Munthu wochoka ku ntchito mdima utagwa, atapanikizana mu takisi, mphika umamukulira.

Koma dziwa kuti chimene mwanayo akulirira si chimene amakupatsani m'kabokosi muja. Eni ake sabisa n'komwe. Mu 2012 a McDonald's a ku Canada, kampani yogulitsa baga, anatulutsa kanema wosonyeza mmene amajambulira baga, mlongo wako ndiye anandionetsa pa YouTube. Ya m'sitolo amaipanga pafupifupi mphindi imodzi, ya pa chithunzi imawatengera maola. Anyezi ndi zina zonse amazikankhira kutsogolo kumene kuli kamera, tchizi amachisungunula ndi mpweya wotentha n'kuchisalaza ndi kampeni, tomato sosi amamudontheza ndi jakisoni pamalo pamene akufuna. Akatha apo amakafufuta timabowo ta buledi pa kompyuta. Ku America anthu anafika posumira kampani ina ya baga, Burger King, mu 2022, ati baga yawo yotchedwa Whopper ya pa chithunzi imaoneka yaikulu ndi 35 peresenti kuposa yeniyeni, ndipo mu 2023 woweruza wa ku Miami analola kuti mlanduwo upitirire.

Wogulitsa tomato pamsika naye amaika wakupsa bwino pamwamba pa mulu, koma uja umatha kumutembenuza usanapereke ndalama. Chikwangwani sungachitembenuze.

Chimene chikundiwawa kwambiri si kukula kwa baga. Pa zithunzi paja pamakhala banja lovala bwino, aliyense akuseka, mbale zikuwala. Mwana wa zaka 6 akamaona zimenezo tsiku ndi tsiku amayamba kuganiza kuti anthu osangalala amadya zimenezo, nsima ya nyemba ndi ya ovutika. Nyemba zako palibe amene anaziwalitsira magetsi n'kuzipachika pamsewu.

Za kutchipazo, khala pansi uwerengere wekha. Mtengo wolembedwa ndi manambala akuluakulu uja ndi wa munthu m'modzi, kudya kamodzi. Ukafika pakauntala amakufunsa ngati uwonjezere tchipisi ndi chakumwa, ndipo pamaso pa mwana sungakane. Ndiye pali mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza, mwana ndiye acheperepo. BP ya bambo ako ukuidziwa. Boma la ku South Africa komweko linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, silinachite zimenezo mosewera.

Mwanayo usamuletse zakudya zimenezi kotheratu, angayambe kuziona ngati zakumwamba. Kumapeto kwa mwezi mutengere, mukhale pansi, atsegule kabokosi ayerekeze yekha ndi chithunzi chili pakhoma. Ana sachedwa kuona pamene anamizidwa. Lamlungu uziphika nyemba zambiri n'kugawa m'timakontena mufiriji, ndipo tsiku lina umusiye akuthandize kutsuka mbatatesi mukazinge tchipisi panyumba.

Ndakukonzera ufa woyera, usipa ndi mfutso wa nkhwani. Ndipatsira dalaivala wa basi Lachisanu, udzamudikire ku Park Station. Upereke moni kwa bambo a mwana.

Ndine mayi ako.